Khadi Lomwe Ndinamumana Mwana Wanga

Mwana wanga wamkazi ndinkamuona Loweruka lokha. Ine ndi amayi ake tinasiyana iye ali ku pulayimale, iwo n'kukwatiwanso ndi bambo wina wa ku Chipata, n'kumakhala m'mafulati a ku Joubert Park, kuno ku Joni. Ine ndinali ndi kachipinda kanga ku Bertrams, ntchito ku Jeppestown, komwe timawotcherera mageti ndi zitsulo za m'mawindo. Loweruka ndinkakamutenga pageti la fulati, kumugulira chipisi ndi nkhuku, kuyendayenda naye m'tauni, dzuwa likapendeka n'kumubweza. Ali wamng'ono zimenezi zinkamukwana. Atafika zaka khumi ndi zisanu zifukwa zinayamba kuchuluka: lero homuweki, lero mutu ukupweteka, lero ndapangana ndi anzanga.

Tsiku lina tili m'takisi, nditaumirira kufunsa, anandiuza zoona. Loweruka ankapita ku shopu ina ya masewera kumpoto kwa tauni, komwe anthu amasewera makhadi. Magazi anandikwera pomwepo. Makhadi! Kwathu ku Ntcheu makhadi ndi juga, amaseweredwa kuseri kwa golosale ndi anyamata amene makolo awo anawalephera. Mtima wanga ndi wapachala, sindibisa, ndiye ndinalalata m'takisimo mpaka mayi wina wachizulu anatembenuka n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Mwanayo anandisiya ndimalize. Kenako ananena kuti si juga, kuti iye sasiya, ndipo ngati ndikufuna kumamuona ndizipita naye komweko.

"Koma adadi, tsiku limene mudzandichititse manyazi kumeneko, basi, musadzabwerenso. Ndizingokuimbirani foni."

Sankaseka. Mwana ameneyu anatengera amayi ake, akanena wanena. Kuyambira tsiku limenelo ndinkalowa m'shopumo ngati munthu wonyamula mazira pamutu.

Masabata oyamba ndinkangokhala pampando wa pafupi ndi chitseko, chipewa pabondo, mpaka kasitomala wina anandifunsa ngati ndine mlonda. Ndinameza mawu chifukwa cha mwana. M'shopumo munkadzaza ana a kuyunivesite ndi azibambo a mimba zawo, azungu, amwenye, Azulu angapo, onse atawerama pa timakhadi tojambulidwa zinjoka zamapiko ndi asilikali a malupanga. Mtsikana anali mwana wanga yekha, kupatula woyang'anira masewerawo, mayi wachimwenye wa magalasi amene onse ankamutcha jaji. Anyamata ena ankamuseka mwana wanga kuti amapambana mwamwayi, ena kuti wabwera ndi womulondera. Iye ankangowayang'ana n'kuwagonjetsa. Kukhala pachitseko kunanditopetsa, ndiye tsiku lina ndinamupempha kuti andiphunzitse.

Anandiphunzitsira m'takisi, m'Chichewa chake chothyokathyoka chodzaza Chingerezi ndi Chizulu. Masewera amene ankawakonda amawatcha dirafuti. Anthu asanu ndi atatu amakhala mozungulira tebulo, aliyense ndi mapaketi atatu osatsegula. Umatsegula paketi yoyamba, kusankhamo khadi limodzi, otsalawo n'kupatsira wa kumanzere kwako, iwenso n'kulandira kuchokera kumanja. Zimazungulira choncho mpaka makhadi atatha. Paketi yachiwiri imayenda chobwerera, kupita kumanja, yachitatu kumanzerenso. Pamapeto umamanga deki yako, mulu wosewerera, ndi makhadi amene watola, ndipo ndi imene umamenyera nkhondo. Kulankhula pa nthawi yosankha n'koletsedwa, kusuzumira za mnzako n'koletsedwanso.

Malamulo ake a kasankhidwe ankandibwerezera mpaka ndinkawalota. Makhadi oyamba tengani amphamvu basi, osayang'ana kukongola kwa chithunzi. Khadi lopha chilombo cha mdani musalidutsitse. Makhadi ali ndi mitundu, ofiira, obiriwira, akuda ndi ena, ndipo deki imafuna mitundu iwiri, koma musakwatire mtundu msanga. Muziona zimene zikubwera kuchokera kwa mnzanu: ngati akukudutsitsirani obiriwira abwino, ndiye kuti iye sakuwafuna, lowani momwemo. Ine vuto langa linali dyera, ndinkatola mtundu uliwonse, ndipo iye ankandiseka kuti deki yanga ikuoneka ngati kaunjika. Ndinamuyankha kuti kwathu timati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Anafunsa kuti pusi ndi mphaka kapena nyani, n'kuseka mpaka misozi. Ndinali nditaiwala kaseka kake.

Ndiye linafika Loweruka lija. Shopuyo inalengeza kuti anthu awiri oyambirira pa dirafuti ya tsikulo apita ku mpikisano waukulu wa mashopu onse a mu Joni. Mwana wanga anakonzekera mwezi wathunthu, akuwerenga za makhadi pafoni mpaka amayi ake anandiimbira kudandaula za sukulu. Ine ndinkafuna kukhala pachitseko tsikulo, koma anthu anapezeka asanu ndi awiri, ndipo jaji anandikodola kuti ndikwaniritse tebulo. Malo okhala amachita mayere. Mayerewo anandiika kumanja kwa mwana wanga, kutanthauza kuti paketi yoyamba ndi yachitatu makhadi ake onse azidutsa m'manja mwanga.

Ndinang'amba paketi yoyamba. Pakati pa makhadiwo panali chinjoka chofiira chamapiko, chomwe mwanayu ankachitchula ulendo uliwonse m'takisi, chomwe anati wochitsegula ndiye kuti Mulungu wamukumbukira. Ndinadziwa bwinobwino choyenera kuchita. Lamulo loyamba: tengani lamphamvu. Chala changa chinafika pa khadilo n'kuima.

Anthu inu, ine ndinakula tikudyera mbale imodzi. Wamkulu amayamba kusamba m'manja n'kusiyira wamng'ono nthuli yomaliza, ndipo bambo amene amapsinja ndiwo mwana akuyang'ana timamutcha dzina loipa. Kuno ku Joni ndagonapo ndi njala kuti mwana ameneyu apeze nsapato za sukulu. Ndiye lero nditenge chabwino, iye ali pambali panga, ndimupatsire makoko? Dzanja linakana lokha. Ndinatola kakhadi kena ka chule wobiriwira, kachabechabe, n'kukankhira paketiyo kumanzere, chinjoka chili momwemo.

Sindinamuyang'ane, koma ndinamva mpweya wake ukuima. Ndinkaganiza kuti wakondwa. Paketi yotsatira inabwera ndi khadi lamoto lopha chilombo chilichonse, lofiiranso, ndipo ndinalidutsitsanso. Lachitatu chimodzimodzi. Ukayamba kupatsa mwana sudziwa poimira. Ndinkadzitolera zinyalala ndi mtima woyera, ndikudziuza kuti palibe akuona, kuti mwana wanga lero apita ku mpikisano waukulu ndipo m'takisi andigwira pamkono. Pofika kumapeto kwa paketiyo ndinaba maso kumuyang'ana. Nkhope yake inali ndwii, milomo yauma, makutu akuoneka kuti atentha. Apo m'pamene ndinayamba kuopa.

Paketi yoyamba itatha amapereka kamphindi koti aliyense aone zimene watola. Mwana wanga sanaone zake. Anakweza dzanja n'kuitana jaji. Anamuuza m'Chingerezi kuti amene wakhala kumanja kwake ndi bambo ake, kuti akumudutsitsira dala makhadi amphamvu, kuti iye sanawapemphe ndipo sakufuna kupambana mwanjira imeneyo. Mwana wanga yemwe, kundineneza pamaso pa anthu! Manyazi ndi ukali zinandigwira limodzi. Mnyamata wina wa ndolo amene ankakonda kumuseka anatulutsa kamluzu n'kuyang'ana anzake.

Jaji anatitengera pambali, aliyense payekha. Anandifunsa ngati tinagwirizana kunyumba, chifukwa kugwirizana ndi kuba, ndipo chilango chake n'kuchotsedwa tonse awiri, mwinanso kuletsedwa kulowa m'shopumo. Ndinayesa kufotokoza za mbale imodzi ndi nthuli yomaliza, koma Chingerezi changa ndi cha kuntchito, cha mamilimita ndi mitengo ya mageti, sichinyamula nkhani zoterezi. Ndinangobwereza kuti mwanayo sankadziwa, mlandu ndi wanga, ngati pali wochotsa achotse ine. Mayiyo anandiyang'ana nthawi yaitali pamwamba pa magalasi. Kenako anati kusankha mopusa si mlandu, koma aima kumbuyo kwanga mpaka dirafuti ithe, ndipo akaonanso chachilendo titulukira limodzi ine ndi mwana.

Tinabwerera patebulo anthu akutiyang'ana. Paketi yachiwiri inkayenda chobwerera, ndiye tsopano iye ndi amene ankandipatsira. Yoyamba kundifika inali ndi khadi lofiira labwino kwambiri. Ndinadabwa, chifukwa ndinali nditamudzazira ofiira, iye anayenera kulitenga. Yachiwiri, lofiira linanso. Yachitatu, ofiira awiri. Ndinamvetsa mochedwa: wausiya mtunduwo. Zonse ndinamupatsa zija wazitaya, akuyambiranso pakati pa ulendo ndi mitundu ina, pa tsiku limene anakonzekera mwezi wonse. Ndinkafuna kukuwa kuti mwanawe usatero, koma jaji anali pamsana panga, ndikumva ngakhale kupuma kwake. Ndinachita zimene mwanayo anandiphunzitsa, kulowa momwe mukuyenda madzi. Ndinatola ofiirawo limodzilimodzi, ndipo lililonse linkandiwawa ngati ndikulandira kubweza kwa mphatso.

Paketi yachitatu inandikanika kung'amba chifukwa cha thukuta m'manja, mpaka ndinaluma ndi mano. Ndinapemphera kuti mukhale zachabechabe, ndisankhe chilichonse ndipume. Koma tsoka sasimba. Pamwamba penipeni panali chimphona chachitsulo, khadi lomwe aliyense m'shopumo ankalilakalaka. Lilibe mtundu, limalowa m'deki iliyonse, ndipo likatera patebulo mdani amayamba kulongedza. Ndinadziwa kuti deki ya mwana wanga ndi yopunduka, ndipo woipundula ndine. Khadi limodzi limeneli likanamuimiritsa. Linali m'manja mwanga, iye ali pafupi moti zigongono zathu zinkakhudzana.

Ndikalidutsitsa, jaji ationetsa chitseko tonse awiri, ndipo Loweruka langa latha. Ndikalitenga, ndamulanda mwana wanga chomupulumutsa chokhacho. Ndinayang'ana makhadi ena aja ngati mwina muli lina loti ndinganamizire kuti ndi labwino kuposa chimphonacho, koma munalibe, ngakhale mwana wa mkaka akanadziwa. Ena onse anali atasankha kale, akundidikira. Jaji anakhosomola pang'ono. Ndinalisolola, kuliika chafufumimba pamulu wanga, n'kukankha zotsalazo. Mwana wanga anazilandira osadziwa chimene chachokamo. Ine ndinamva ngati ndaba m'thumba la wodwala.

Titamanga madeki ndinaona mulu wa makhadi amene iye anasiya pambali, chinjoka chija chili pamwamba, osachigwiritsa ntchito. Mpikisano unali wa magawo atatu. Gawo loyamba iye anagonja kwa bambo wina wadazi, movutikira, mpaka kumapeto. Ine ndinagonja mosavuta, maganizo ali kwina. Ogonja amakumana okhaokha, ndipo jaji atawerenga mayina a gawo lachiwiri ndinamva langa ndi lake motsatizana. Wogonja kamodzi amakhala akadali ndi kampata kakang'ono. Wogonja kawiri zake zada.

Tinakhala moyang'anizana. Sanandiyang'ane kumaso, anangosakaniza makhadi anga monga mwa lamulo n'kundibwezera. Amapambana ndi amene wawina masewera awiri mwa atatu. Oyamba anandikwapula msanga, ndipo kunena zoona mtima unatsika, ndinati zithe choncho. Achiwiri makhadi ofiira aja anabwera okha motsatizana, ndinawina ndisanaganize n'komwe. Anthu amene anali atamaliza anayamba kutiunjikira, mnyamata wa ndolo uja ali patsogolo, manja m'thumba.

Masewera achitatu anakoka. Iye ankasewera mwanzeru ndi timakhadi take tofooka, akundibudula pang'onopang'ono, ndipo ndinaona kuti akangopeza mpata wina andimaliza. Ndinasolola khadi pamwamba pa deki yanga. Chimphona chachitsulo. Ndinali ndi zonse zofunika kuti ndiliponye nthawi yomweyo.

Ndinaliyang'ana ngati sindidziwa kuwerenga. Ndikanatha kulisunga m'manja, kuponya lina, iye n'kuwina, palibe akanandiimba mlandu, poti munthu wosadziwa masewera amalakwitsa. Koma kumbuyo kwanga kunali maso ambiri akuona makhadi anga, ndipo ndinadziwa kuti Lolemba lisanafike wina amuuza kuti anawina chifukwa bambo ake anamuchitira chisoni. Chala changa chinayamba kupita ku khadi lina. Apo m'pamene anadzutsa maso, koyamba chichokereni kwa jaji. Mwana ameneyu amandidziwa nkhope kuposa mmene ndimadzidziwira.

"Adadi, chimene mwagwiracho ponyani."

Ndinaliponya. Anthu anang'ung'udza. Iye analiyang'ana khadilo, kenako ine, ndipo ndinaona akuwerengera m'mutu kuti lachokera m'paketi iti, kuti linadutsa pafupi bwanji ndi dzanja lake. Sanagonje msanga. Anayesa njira iyi, anayesa iyo, anataya zilombo zake chimodzichimodzi kutsekereza chimphonacho, mpaka patebulo pake panayera. Kenako anatambasula dzanja monga amachitira onse akagonja. Dzanjalo linali lozizira. Anatola makhadi ake n'kupita kuchimbudzi, ndipo anakhalako nthawi yaitali.

Chopweteka kwambiri n'chakuti gawo lachitatu ndinakumana ndi mnyamata wa ndolo uja, ndipo anandisasantha ngati chimanga cha pamphero. Chimphona sichinabwere n'komwe. Iye ndi bambo wadazi uja ndi amene anapita ku mpikisano waukulu. Ndiye kuti mpata ndinamulanda mwana wanga uja ndinangokautaya m'ngalande.

Tinakwera takisi yobwerera. Mwana wanga anakhala kuwindo, chikwama pamiyendo, maso ofiira ali panja. Ndinamufunsa ngati akufuna chipisi, anapukusa mutu. Ndinkakonza mawu m'mutu n'kuwagwetsa, ena opepesa, ena okalipa, chifukwa ukali unali usanathe: ndani anamvapo mwana akuneneza bambo ake chifukwa chomupatsa? Koma pansi pa zonsezo panali mantha okhaokha. Ndinali nditamuchititsa manyazi pamaso pa shopu yonse, kenako n'kumugwetsa ndi manja anga. Mawu ake a tsiku lija ankangolira m'makutu. Ndinayamba kuganiza za Loweruka la m'kachipinda ka ku Bertrams, ndili ndekha, ndikuyang'ana foni.

Tinatsika, n'kudutsa pakati pa amayi ogulitsa tomato ndi anyamata okankha ngolo za katundu wa apaulendo, iye patsogolo ine pambuyo. Pageti la fulati anayamba kufufuza kiyi m'chikwama. Ndinaona kuti akalowa osanena kanthu ndiye kuti kwatha. Pa dirafuti makhadi amene watola amakhala ako, ndiye ndinapisa m'thumba la jekete, kutulutsa chimphona chija n'kumutambasulira ndi manja awiri. Sindinadziwe china chochita, ine chimene ndimadziwa ndi kupereka basi.

Analiyang'ana, kenako anagwira zala zanga n'kuzipinda kuti zilifumbate.

"Mwayambanso. Limenelo ndi lanu, munalisankha bwino. Ndi khadi lokhalo limene mwasankha bwino lero."

Anatsegula geti, kulowa, n'kulikoka. Atatseka anaima, nkhope ili pakati pa zitsulo, maso akadali ofiira.

"Ndakwiya nanu, adadi, ndipo sizitha lero. Koma palibe amene anganene kuti munandisiyira. Loweruka mubwere msanga, ndikufuna ndidzakukwapuleni anthu omwe aja akuona."

Anakwera masitepe osacheuka. Ndinakhala pansi pa khonde la shopu ya pafupi, pambali pa mayi wina wowotcha chimanga, khadi lili m'manja. Moyo wanga wonse ndinali ndisanamumanepo mwana ameneyu kanthu kamene ndikanatha kumupatsa, ndipo tsiku limene ndinamumana ndi limene anandiuza kuti ndibwerenso. Ndinalira pamenepo, bambo wamkulu wandevu, mpaka mayi wa chimangayo anandifunsa m'Chizulu ngati andibera.